Kuchokera ku Seattle mpaka pa chikho cha 2025: mbiri ya kumangidwa kwa Oklahoma City Thunder

Timu ya basketball yomwe lero imatchedwa Oklahoma City Thunder inabadwira kutali ndi Oklahoma. Inayambira ku Seattle, mzinda wa kumpoto chakumadzulo kwa America, mu 1967, pamene ligi ya NBA inkawonjezera matimu. Anaitcha SuperSonics potengera ndege yothamanga kuposa liwu imene kampani ya Boeing, yomwe inkadyetsa mabanja ambiri mumzindawo, inkafuna kupanga. Ndegeyo inathera m'mapulani, koma timu inakula. Mu 1979, mphunzitsi wake ali Lenny Wilkens, inagonjetsa Washington Bullets n'kutenga chikho cha NBA. Mu 1996 inafikanso mu ndime yomaliza ndi Gary Payton ndi Shawn Kemp, koma kumeneko inakakumana ndi Chicago Bulls ya Michael Jordan, n'kubwerako chimanjamanja.

Pofika m'ma 2000 timu inali itazilala, ndipo eni ake ankadandaula kuti bwalo ndi lachikale. Mu 2006 Howard Schultz, mkulu wa kampani ya khofi ya Starbucks, atalephera kupeza ndalama za boma zokonzera bwalolo, anagulitsa timuyo pamodzi ndi inzake ya amayi, Seattle Storm, pa madola 350 miliyoni. Ogula anali anthu abizinesi a ku Oklahoma City, owatsogolera ali Clay Bennett. Mzinda wawo unali ndi ludzu la timu. Bwalo unali utamanga kale ndi ndalama za msonkho, ndipo namondwe wa Katrina atasakaza New Orleans mu 2005, unasunga timu ya kumeneko ya Hornets masizoni awiri, anthu akukhamukira kukaonera. Ku Seattle ambiri anadziwiratu komwe nkhani inkalowera. Mu 2008, mlandu utafika mpaka kukhoti, mbali ziwirizo zinagwirizana: Bennett analipira mzinda wa Seattle madola 45 miliyoni, nasiya dzina ndi mitundu ya yunifolomu, natenga timu. Ochemerera omwe anali nayo zaka 41 anatsala ndi bwalo lopanda timu. Chisangalalo chonse chomwe Oklahoma inadzakhala nacho chinayambira pa misozi ya anthu amenewa, ndipo wofotokoza mbiriyi sayenera kuwalumpha.

Malamulo a msika

Kwa ife ozolowera mpira wamiyendo, kayendetsedwe ka NBA kamafuna kufotokozera. Mu mpira wathu timu yolemera imagula wosewera kwa yosauka ndi ndalama, ndipo yothera pansi imatuluka mu ligi. Mu NBA muli matimu 30, iliyonse imasewera masewero 82 pa sizoni, ndipo palibe yotuluka ngakhale itagonja bwanji. Wosewera amapezeka m'njira zitatu. Yoyamba ndi draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankha achinyamata ochokera m'makoleji ndi m'maiko ena. Uli ndi magawo awiri, ndipo matimu omwe sanachite bwino ndiwo amayamba kusankha. Kuyambira 1985 mipata yoyambirira imagawidwa mwa maere, kuti timu isamangogonja dala ili ndi chitsimikizo cha mpata woyamba. Njira yachiwiri ndi kusinthana: wosewera kupita uku, wina kubwera kuno, ndipo mipata ya draft ya zaka za kutsogolo nayo imalowa pa malonda. Yachitatu ndi kusainitsa wosewera amene kontirakiti yake yatha.

Pamwamba pa zonsezi pali malire a malipiro, omwe anayamba mu 1984. Timu ikapyola mzere wina pa ndalama zolipira osewera, imadulidwa msonkho wa chilango. Njira yachitatu ija imakomera mizinda yowala ngati Los Angeles, Miami ndi New York, chifukwa katswiri womasuka amasankha yekha kokhala. Oklahoma City ndi umodzi mwa mizinda ing'onoing'ono mu ligi. Timu ya kumalo otere imatsala ndi draft ndi kusinthana basi, ndipo ikalakwitsa kamodzi imalipira kwa zaka.

Mnyamata wa matepi

Munthu amene anamvetsa zimenezi analembedwa ntchito mu Juni 2007, timu idakali ku Seattle. Sam Presti anali ndi zaka pafupifupi 30. Anachokera ku San Antonio Spurs, komwe anayambira pansi penipeni, akudula ndi kusanja matepi a masewero. Kumeneko amakumbukiridwa ngati mmodzi mwa omwe anaumirira kuti timu itenge kamnyamata ka ku France, Tony Parker, pa mpata wa 28 mu 2001. San Antonio nawo ndi mzinda wosatchuka pa zokopa akatswiri, ndipo Presti anaona ndi maso ake momwe timu yotere imapambanira zikho: kusankha bwino, kuphunzitsa, ndi kusunga mwambo umodzi kuyambira kwa mwini timu mpaka kwa wosewera wa pabenchi.

Asanathe mwezi pa ntchito, draft ya 2007 inafika. Portland inatenga Greg Oden pa mpata woyamba, Seattle n'kutenga Kevin Durant pa wachiwiri. Pamenepo panali mwayi, ndipo palibe angakane. Nzeru zinaoneka pa zomwe zinatsatira. Usiku womwewo Presti anapereka Ray Allen, katswiri wokondedwa wa timuyo, ku Boston Celtics posinthana ndi mpata wa 5, womwe anatengera Jeff Green. Allen anali ndi zaka zoposa 30, Durant ali ndi 18. Pomwe Durant akanadzakhwima, Allen akanakhala atatha. Presti anafuna kuti akatswiri ake akulire limodzi.

Malonda ena a chaka chomwecho sanamveke kwambiri, koma ndiwo muzu wa mbiri yonseyi. Katswiri wina wa timuyo, Rashard Lewis, ankapita ku Orlando Magic pa kontirakiti yoposa madola 100 miliyoni. M'malo mongomutsanzika, Presti anakonza kuti apite kudzera mu kusinthana, zomwe mwa malamulo a ligi zinapatsa Seattle danga lolandira wosewera wa malipiro ofika madola 9 miliyoni popanda kutumiza wina. Nthawi yomweyo Phoenix Suns inkalira ndi msonkho wa chilango ndipo inkafuna kutula mtolo wa malipiro a Kurt Thomas. Presti anavomera kumulandira, koma anati mtolowo ubwere ndi mipata iwiri ya gawo loyamba la draft. Patapita miyezi anatumizanso Thomas ku San Antonio n'kupezerapo mpata wina. Mpata umodzi wa ku Phoenix uja, wa 24 mu 2008, anatengera mnyamata wa ku Brazzaville m'dziko la Congo amene ankasewera ku Spain, Serge Ibaka. Dzinali tilisunge.

Kukwera koyamba

Sizoni yomaliza ku Seattle timu inapambana masewero 20 n'kugonja 62. Mu draft ya 2008 inatenga Russell Westbrook pa mpata wa 4, ambiri akukayika ngati angayendetse timu. Sizoni yoyamba ku Oklahoma inayamba moipa kwambiri: pa masewero 32 oyambirira inapambana 3 okha, mphunzitsi P. J. Carlesimo anachotsedwa, Scott Brooks n'kulowa m'malo. Inamaliza ndi 23. Mu 2009 Presti anatenga James Harden pa mpata wa 3. Zaka zitatu zotsatizana anasankha anyamata atatu omwe aliyense anadzalandira mphoto ya MVP, ya wosewera woposa onse mu ligi: Durant mu 2014, Westbrook mu 2017, Harden mu 2018.

Mwambo unakhazikikanso kunja kwa bwalo. Pa 19 Epulo 1995 bomba linaphulitsa nyumba ya boma pakati pa Oklahoma City n'kupha anthu 168. Presti anakonza kuti wosewera aliyense watsopano azikaona malo achikumbutso a ngoziyo, kuti adziwe anthu omwe akuwasewerera. Mumzinda wopanda timu ina ya ligi zikuluzikulu za America, Thunder inasanduka chinthu cha onse.

Kukwera kunali kwa liwiro. Mu 2010 timu inapambana masewero 50. Mu 2011 inafika ndime yomaliza ya chigawo cha kumadzulo n'kugonja kwa Dallas Mavericks. Mu 2012 inachotsa Dallas, Los Angeles Lakers ndi San Antonio, n'kulowa mu fainolo ya NBA. Inapambana masewero oyamba, kenako Miami Heat ya LeBron James inatenga anayi otsatizana. Palibe anada nkhawa kwenikweni. Durant ndi Westbrook anali ndi zaka 23, Harden ndi Ibaka 22. Aliyense ankati anyamatawa abweranso chaka chamawa ndi zaka zina zambiri. Anayiwo sanaseweredi limodzi mu fainolo ina.

Bala la 2012

Chinawasokoneza ndi ndalama. Mgwirizano watsopano wa ligi ndi osewera, wa 2011, unakhwimitsa msonkho wa chilango. Durant, Westbrook ndi Ibaka anali atasaina kale makontirakiti akuluakulu. Harden, yemwe ankalowa kuchokera pabenchi ndipo anali atangolandira mphoto ya wolowa m'malo wabwino koposa, anafuna malipiro apamwamba omwe malamulo amalola. Timu inamupatsa ochepera pamenepo, iye anakana. Pa 27 Okutobala 2012, patatsala masiku ochepa kuti sizoni iyambe, anatumizidwa ku Houston Rockets posinthana ndi Kevin Martin, Jeremy Lamb ndi mipata ya draft, umodzi womwe unadzabala Steven Adams wa ku New Zealand. Pa masewero ake oyamba ku Houston, Harden anamwetsa mapointi 37.

Ine ndimaona kuti apa Presti anagulitsa msanga komanso motchipa. Harden anali adakali ndi chaka pa kontirakiti yake, ndipo timu inali itangochokera mu fainolo. Kuopa ngongole ya mawa kunawatayitsa mwayi womwe unali kale m'manja. Zaka zotsatira zinaonetsa kuti mwayi wotere sudikira munthu. Mu 2013 Westbrook anavulala bondo kumayambiriro kwa ma playoffs, masewero ochotsana a kumapeto kwa sizoni. Mu 2014 Ibaka anavulala mwendo timu ikupita kukakumana ndi San Antonio. Sizoni yotsatira phazi la Durant linamulola kusewera masewero 27 okha. Mu 2016, mphunzitsi ali Billy Donovan, Thunder inatsogola 3-1 pa Golden State Warriors yomwe inali itapambana masewero 73 pa sizoni. Panatsala kupambana kamodzi kuti ibwerere mu fainolo. Pa masewero achisanu ndi chimodzi, m'bwalo la ku Oklahoma, Klay Thompson anamwetsa mapointi 41, ndipo Warriors inatembenuza zinthu mpaka kupambana.

Chaka chomwecho ndalama za wailesi yakanema zinakweza malire a malipiro kuchoka pa madola 70 miliyoni kufika pa 94 miliyoni, zomwe zinapatsa Warriors danga losainira katswiri wina. Pa 4 Julayi 2016 Durant analengeza kuti akupita kwa omwe anamugonjetsawo. Kontirakiti yake inali itatha, choncho Thunder sinalandirepo kanthu. Phunziro linali lowawa: katswiri wochoka womasuka amapita ndi mtengo wake wonse.

Ulusi wa Ibaka

Masabata pafupifupi awiri Durant asanachoke, Presti anali atatumiza Ibaka, yemwe kontirakiti yake inatsala ndi chaka, ku Orlando n'kulandira Victor Oladipo ndi Domantas Sabonis. Patatha chaka anapereka awiriwa ku Indiana Pacers posinthana ndi Paul George. Zinali zoika moyo pachiswe, chifukwa George ankadziwika kuti mtima wake uli ku Los Angeles ndipo akanatha kuchoka pakatha sizoni imodzi. Koma mu 2018 anasaina kukhalabe. Westbrook panthawiyo ankasewera ngati munthu wolusa, ndipo mzinda unamukonda chifukwa anatsala ena atathawa. Komabe timu inatuluka mu ndime yoyamba ya ma playoffs zaka zitatu zotsatizana. Ulendo wachitatu, mu Epulo 2019, Damian Lillard wa Portland anaponya mpira ali mamita pafupifupi 11 kuchokera pa golo, nthawi ikutha, George atatambasula dzanja patsogolo pake. Mpira unalowa, Lillard anakweza dzanja kutsanzika benchi ya Thunder. Timu inali yodula, yokalamba, ndipo inalibe njira yodzikonzera.

Mu Julayi 2019 khomo linatseguka mosayembekezeka. Kawhi Leonard, atangopambana chikho ndi Toronto Raptors, anafuna kupita ku Los Angeles Clippers koma pamodzi ndi George. George anapempha kuti amasulidwe. Presti anadziwa kuti Clippers sikugula munthu mmodzi, ikugula awiri, ndipo anatchula mtengo wa awiri. Analandira Danilo Gallinari, mipata isanu ya gawo loyamba la draft, ufulu wosinthana mipata m'zaka ziwiri, ndi mnyamata wowonda wa zaka 20 wa ku Hamilton m'dziko la Canada, amene anali atangosewera sizoni imodzi akumwetsa mapointi osakwana 11 pa masewero: Shai Gilgeous-Alexander. Patapita masiku ochepa Westbrook, atatumikira masizoni 11, anapita ku Houston posinthana ndi Chris Paul ndi mipata ina. Tikautsata ulusiwu chammbuyo timapeza kuti Shai anachokera pa George, George pa Oladipo ndi Sabonis, iwo pa Ibaka, Ibaka pa mtolo wa Kurt Thomas, ndipo Thomas pa Rashard Lewis amene akanatha kungochoka wopanda kanthu mu 2007.

Zaka zouma

Ambiri ankayembekeza kuti timu igwa nthawi yomweyo, koma Chris Paul anabwera ndi mtima wa ntchito. Anakhala mphunzitsi wa Shai mkati mwa bwalo, ndipo timu inapambana masewero 44 pa 72 mu sizoni yosokonezedwa ndi mliri wa Covid-19. Inagonja kwa Houston pa masewero achisanu ndi chiwiri, pomwe mnyamata wa ku Montreal amene matimu onse 30 anamulumpha mu draft, Luguentz Dort, anakakamira Harden n'kumwetsanso mapointi 30. Presti sanapusitsidwe ndi sizoni yabwinoyo. Anaona kuti timuyi ingafike mu ma playoffs koma chikho singachinunkhe. Mu Novembala 2020 anatumiza Paul ku Phoenix, Adams ku New Orleans, Dennis Schröder ku Lakers, onse mtengo wawo udakali pamwamba. Uphunzitsi anaupereka kwa Mark Daigneault, wa zaka 35, amene anali ataphunzitsa timu yachisodzera ya Oklahoma City Blue kwa zaka zisanu.

Mipata ya draft ili ngati mbewu ya chimanga m'nyumba ya mlimi. Njala ikakula m'mwezi wa Januwale pali ena amadya kapena kugulitsa mbewu yawo kuti apulumuke lero, ndipo pali wina amapirira n'kumagula mbewu ya anzakewo. Thunder inakhala wogulayo. Philadelphia itafuna kutula kontirakiti ya Al Horford, Presti anamulandira pamodzi ndi mpata wa draft. Kenako anamutumiza ku Boston n'kulandira Kemba Walker ndi mpata winanso. Inali njira ya Kurt Thomas yomwe ija, tsopano ikuchitika mobwerezabwereza, mpaka timu inasonkhanitsa mipata yochuluka kuposa malo a osewera omwe inali nawo.

Mtengo wa kupiriraku unalipiridwa m'bwalo. Mu 2021 timu inapambana 22 n'kugonja 50, ndipo Horford anakhazikidwa pansi kumapeto kwa sizoni ali bwinobwino kuti achinyamata asewere. Anthu anadzudzula kuti uku n'kugonja dala, ndipo chidzudzulocho chinali ndi maziko, chifukwa wogula tikiti amalipira kuti aone timu ikumenyera chipambano usiku umenewo. Pa 2 Disembala 2021 ku Memphis, Shai atavulala, Thunder inakwapulidwa 152-79. Kusiyana kwa mapointi 73 sikunachitikepo m'mbiri ya NBA. Sizoniyo inatha ndi 24-58.

Chomwe chinasiyanitsa Thunder ndi ena omwe anayenda njirayi n'chakuti kugwako kunali kwa masizoni awiri okha, ndipo kunachitika timu ili kale ndi mwala wa pangodya. Philadelphia ya Sam Hinkie inagwa zaka zitatu mpaka kupambana masewero 10 okha mu 2016, ikudikira kuti maere aipatse mpulumutsi. Kuyambira 2019 ligi inachepetsanso phindu la kugonja: matimu atatu otsiriza aliyense anayamba kukhala ndi mwayi wa 14 pa 100 okha wopeza mpata woyamba. Thunder sinapeze mpata woyamba ngakhale kamodzi. Inasainitsa Shai kontirakiti yaitali mu 2021, ndipo Daigneault ankaphunzitsa anyamata kusewera mwadongosolo ngakhale akugonja: aliyense adziwe kuyendetsa mpira, kupatsira, kuponya ndi kutchinga.

Presti sanalase paliponse pomwe anaponya. Aleksej Pokuševski, wotengedwa mu 2020, sanaphule kanthu. Mu 2021 anapereka ku Houston mpata wa 16 womwe unatengera Alperen Şengün, yemwe anadzakhala katswiri. Mu 2022 anapereka mipata itatu kuti apeze Ousmane Dieng, amene sanapeze malo okhazikika. Phindu la kukhala ndi mipata yambiri ndi lomweli: cholakwa chimodzi sichigwetsa nyumba. Draft ya 2022 yomweyo inabweretsa Chet Holmgren pa mpata wa 2, ndi Jalen Williams wa ku koleji yaing'ono ya Santa Clara pa mpata wa 12, womwe unali umodzi mwa ya Clippers ija. Ena anatoledwa kumene anzawo sankayang'anako: Aaron Wiggins pa mpata wa 55, Jaylin Williams pa 34, Isaiah Joe atatayidwa ndi Philadelphia.

Kukolola

Holmgren anavulala phazi asanasewere ngakhale kamodzi ndipo anakhala panja sizoni yonse. Ngakhale zinali choncho timu inapambana masewero 40, Shai akumwetsa mapointi oposa 31 pa masewero. Mu 2024, Holmgren atachira ndi Cason Wallace atawonjezeka, inapambana 57 n'kukhala pamwamba m'chigawo cha kumadzulo. Apa m'pamene panali chiyeso. Ambiri ankakuwa kuti nthawi yakwana yotulutsa mipata yonse ija n'kugula katswiri wa dzina. Presti anadekha, nafuna kuona kaye anyamata ake pamoto wa ma playoffs. Dallas inawachotsa mu ndime yachiwiri ndipo inawaonetsa mabala awiri. Ankalandidwa mipira yobwerera chifukwa chochepa thupi pansi pa golo. Komanso adani ankamusiya dala Josh Giddey, wotengedwa pa mpata wa 6 mu 2021, podziwa kuti kuponya patali si mbali yake.

Mankhwala anali olunjika pa mabalawo. Giddey anapita ku Chicago posinthana ndi Alex Caruso, wotchinga wolimba amene anaphunzitsidwapo ndi Daigneault ku Blue asanakatenge chikho ndi Lakers. Isaiah Hartenstein, chimphona chochokera ku New York Knicks, anasaina zaka zitatu pa madola 87 miliyoni. Palibe mwa awiriwa anali katswiri wa pa zikwangwani, ndipo pa onse awiri timu sinatulutse mpata wa draft ngakhale umodzi.

Sizoni ya 2024-25 Thunder inapambana masewero 68 n'kugonja 14. Mphamvu yake inali kutchinga: Dort, Caruso, Wallace ndi Williams ankalanda mpira m'manja mwa adani, ndipo mphindi zochepa zinkakwana kuti masewero atembenuke. Shai anatsogola ligi yonse ndi mapointi 32.7 pa masewero ndipo analandira MVP. Mu ma playoffs anasesa Memphis 4-0. Denver Nuggets inawafikitsa pa masewero achisanu ndi chiwiri, pomwe Daigneault anaika Caruso, wamfupi ndi wopepuka kwambiri poyerekeza, kuti akakamire katswiri wa Denver, Nikola Jokić. Caruso anamulowa pansi, kumukankha ndi chifuwa, kumutsekera njira mpira usanamufike, ndipo Thunder inapambana 125-93. Minnesota inagwa pa masewero asanu.

Mu fainolo anakumana ndi Indiana Pacers, ndipo apa mbiri inadzizungulira modabwitsa. Sabonis uja amene Indiana inamulandira posinthana ndi George, inadzamupereka ku Sacramento mu 2022 n'kupeza Tyrese Haliburton. Matimu onse awiri a m'mizinda yaing'onoyi anapeza mtsogoleri wawo kudzera pa kugulitsa Paul George. Haliburton anaba masewero oyamba ndi mpira wa m'sekondi yomaliza, 111-110. Indiana inatsogola 2-1, ndipo pa masewero achinayi Thunder inapulumukira m'kamwa mwa mbuzi pamene Shai anamwetsa mapointi 15 m'mphindi zisanu zomaliza. Pa achisanu Jalen Williams, akusewera ndi dzanja lovulala lomwe anadzachitidwa opaleshoni pambuyo pake, anamwetsa 40. Indiana inabwezera pa achisanu ndi chimodzi. Pa 22 Juni 2025, m'masewero otsiriza, Haliburton anaduka mtsempha wa kuchidendene m'chigawo choyamba n'kutuluka akulira, chinthu chomwe chinakhudza aliyense wokonda masewerowa. Thunder inapambana 103-91. Shai anasankhidwanso wosewera wabwino koposa wa fainolo, ndipo timuyi inakhala yochepa msinkhu koposa pa zonse zomwe zinatenga chikho chichokereni Portland ya 1977.

Chomwe mbiriyi ikutiuza

Kuchokera tsiku lomwe Presti analembedwa ntchito mpaka pa chikho panadutsa zaka 18. M'matimu ambiri munthu amene anagulitsa Harden, kutaya Durant ndi kugonja ndi mapointi 73 akanachotsedwa katatu konse. Bennett anamusunga, ndipo chifukwa choti sankaopa kuchotsedwa mawa, Presti ankatha kupanga ziganizo za zaka zisanu kutsogolo. Mkulu wa timu amene mpando wake ukugwedezeka amagulitsa tsogolo kuti apulumutse ntchito yake, ndipo ogula tsogololo ndi anthu ngati Presti. Mwayi unalipo ndithu: Portland kusankha Oden, Leonard kufuna George. Koma mwayi wa 2019 unapeza timu ili ndi George woti igulitse, ndipo George analipo chifukwa kwa zaka 12 timu inakana kulola kuti chinthu cha mtengo chiwolere m'manja mwake.

Tisaiwalenso kuti omwe timawatcha malonda m'nkhaniyi ndi anthu a mabanja, omwe amadzuka m'mawa n'kumva kuti akusamukira kumzinda wina. Ntchito yomanga timu imakhala yolemekezeka pokhapokha wosewera akachoka ali wabwino kuposa momwe anabwerera. Paul anachoka ku Oklahoma dzina lake litayeranso n'kukafika mu fainolo ndi Phoenix mu 2021. Horford anabwerera ku Boston n'kudzatenga chikho mu 2024. Dort, amene palibe anamufuna, anasanduka mmodzi mwa otchinga olemekezeka mu ligi.

Mu Julayi 2025 funso la 2012 linabweranso, popeza akatswiri atatu achinyamata anayenera kulipidwa pansi pa malamulo a 2023 omwe ndi okhwima kuposa akale. Ulendo uno timu inasainitsa onse atatu: Shai zaka zinayi pa madola 285 miliyoni, Holmgren ndi Williams zaka zisanu aliyense. Ndalama zotere zidzakakamiza timu kutsanzikana ndi ena mwa owathandiza. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ili ndi mipata ya draft yotengera achinyamata otsika mtengo olowa m'malo mwawo, ndi aphunzitsi omwe aonetsa kuti amatha kuwakuza. Presti woyamba anasankha pakati pa akatswiri ake chifukwa analibe chosungira. Wachiwiri anayamba wasunga, kuti tsiku la malipiro likadzafika asadzagulitsenso Harden wina.